"Ingofuna batire basi": mtengo wa galimoto yakufa ku Wovwe

Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Karonga ndi Uliwa amazidziwa galimoto zimene zimadutsa pamenepo mondondozana, zopanda nambala za kuno, magalasi ali ndi zolembalemba za kudoko. Zimakhala zatsika sitima ku Dar es Salaam, zalowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe, ndipo zikuthamangira ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre. Anthu a ku Wovwe amaziona tsiku ndi tsiku, koma ndi owerengeka amene angaitanitse yawo. Galimoto imene mlimi wa mpunga amaiganizira akagulitsa zokolola ndi ina. Ndi ija yakhala zaka pa miyala kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi opuma ntchito, kapena pikapu yofwifwa utoto imene inafera pa galaja mwiniwake n'kulephera kuiwombola.

Mtengo wa galimoto yochokera ku Japan umaoneka pa foni, kwa Be Forward kapena SBT, ndipo msonkho wake a MRA ali ndi mowerengera mwake. Galimoto yakufa ilibe pamene mtengo wake unalembedwa. Umachokera pakamwa pa anthu awiri okhala pa mkeka, ndipo nthawi zambiri mmodzi wa iwo amadzadandaula pambuyo pake.

Chifukwa chimene munthu wa ku Wovwe amafunira galimoto n'chomveka. Mtsinje wa Wovwe umatsika kuchokera kumapiri a Nyika, umazunguza makina opangira magetsi amene anayamba kugwira ntchito mu 1995 ndipo tsopano ali m'manja mwa EGENCO, kenako madzi ake amathirira sikimu ya mpunga ya mahekitala oposa 300. Mpunga wa m'boma la Karonga, makamaka Kilombero, umadziwika dziko lonse ndi fungo lake. Koma mlimi wopanda chonyamulira amagulitsa pakhomo, kwa venda amene wabwera ndi lole yake ndi mtengo wake. Amene ali ndi pikapu atha kupita ndi matumba ku chigayo, kukagulitsa wopunthapuntha pa Uliwa, ku Karonga ngakhale ku Mzuzu, n'kubwerera ndi feteleza. Usiku mayi akadwala, pikapu yomweyo ndiyo imathamangira naye kuchipatala ku Chilumba. Choncho wachinyamata amene amazungulira chiphapha cha Hilux ya atsibweni a mnzake sakufuna kudzionetsera. Akuona ntchito.

Apa m'pamene nkhani ya kuno imasiyana ndi ya kunja. Ku Ulaya ndi ku America anthu amagula galimoto zakale kuti azizikonza pang'onopang'ono masiku opuma, ndipo ukale womwewo ndiwo umakweza mtengo. Land Rover Defender ya maonekedwe akale itasiya kupangidwa ku Solihull mu January 2016, okonda galimoto zotere anayamba kuzilimbirana. Masiku ano ogulitsa ena kuno amaona mitengo imeneyo pa intaneti n'kuyamba kunena kuti, "Imeneyi azungu amaifuna kwambiri." Mwina ku London. Ku Wovwe galimoto imaweruzidwa ndi matumba amene inganyamule pa msewu wa matope mwezi wa February, ndipo zaka zake sizionjezera ngakhale tambala imodzi.

Wogulitsa amamanga mtengo wake pa zinthu zimene zili mumtima mwake. Amakumbukira ndalama zimene anagulira. Amawerenga zimene anawononga kwa amakaniko asanagwe ulesi. Ndipo pali vuto limene lamupangitsa kugulitsa lero, kaya ndi fizi ya mwana, kaya ngongole ya banki m'khonde. Zonsezi n'zoona ndipo n'zofunika kuzimva mwaulemu, koma palibe chimodzi chimene chimauza wogula kuti chitsulocho chili ndi moyo wotani. Ndiye pamabwera mawu odziwika aja, kaya m'Chitumbuka kaya m'Chichewa: "Galimotoyi ilibe vuto, ingofuna batire basi." Ambiri onena mawu amenewa sanama mwadala. Amakumbukira galimoto ya tsiku limene inaima, osati imene yadutsa m'mvula zisanu ndi dzuwa la kunyanja. Funso loyenera kufunsa modekha ndi ili: "Adada, ngati ndi batire lokha, chinalepheretsa n'chiyani kuligula nthawi yonseyi?" Yankho lake ndilo limatsegula mbiri yeniyeni ya galimotoyo.

Pali chinthu chimodzi chimene wogulitsa amalondola, ndipo wogula asachinyalanyaze. Kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola imodzi inafika pa K1,700 ku banki. Galimoto zonse zoyenda zinakwera mtengo, ndipo zakufa zinakwera nazo, popeza sitata ndi giyabokosi zili m'kati mwake nazonso zinagulidwa kunja. Wogula amene amati "munagula K900,000, bwanji mukufuna zoposa pamenepo?" akuyankhula za ndalama imene kulibenso. Koma mpeni womwewo umacheka mbali zonse. Sipeya iliyonse imene galimotoyo ikufuna idzagulidwa pa mtengo wa lero, mwina ku Kyela kapena ku Mbeya, ndi mashilingi osinthidwa pa mtengo wa pa malire.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti munthu wa ku Wovwe awerengere m'matumba a mpunga. Thumba amalidziwa kulemera kwake, amadziwa thukuta limene linalowapo, ndipo silimunamiza ngati manambala okhala ndi maziro ambiri.

Kuwerengerako kuyambe kumapeto. Choyamba, pikapu ya mtundu womwewo, ya zaka zofanana, yoyenda bwino, ya mapepala onse, ikugulitsidwa bwanji lero ku Karonga kapena ku Mzuzu? Osati mtengo umene eni ake amatchula pa Facebook, koma umene anthu alipiradi. Madalaivala a matola ndi amakaniko amaudziwa. Tiyerekeze kuti ndi matumba 120. Manambala awa ndi ongoyerekeza, aliyense aike ake. Kuphwasula injini ndi kuimanganso, matumba 30. Matayala anayi ndi batire, 15. Mabuleki, kilatchi, masipuling'i ndi mawaya, 12. Kuwotcherera ndi utoto, 8. Kuikoka kupita nayo ku galaja ndi maulendo osaka masipeya, 7. Kusintha umwini, COF ndi inshuwalansi, 6. Zakwana 78. Pamwamba pake paikidwe zosaoneka, zimene zimatuluka injini ikatsegulidwa, ndipo sizilephera kutuluka: tinene 22. Pa 120 paja patsala matumba 20. Umenewo ndiwo mtengo wapamwamba umene wogula angapereke osadzipweteka. Ngati mwini galimoto akufuna 60, wogulayo adzakhala atalipira matumba 160 pa galimoto imene akanaipeza ikuyenda pa 120, n'kutayanso miyezi yambiri akudikira.

Anthu ambiri sawerengera chonchi chifukwa ndalama zokonzera zimatuluka pang'onopang'ono. Lero gasiketi, mwezi wamawa mapisitoni, kenako makaniko wapita kumaliro, kenako sipeya imene yabwera si yake. Pofika nyengo yodzala, ndalama ya feteleza yalowa m'galimoto imene sinalirebe. Galimoto zambiri zimene zili pa miyala m'midzi ya m'mbali mwa nyanja zinafika pamenepo kawiri: koyamba m'manja mwa mwiniwake, kachiwiri m'manja mwa amene anaigula kuti aidzutse.

Manambala okonzera aja sangadziwike munthu ataimirira chapatali manja ali m'thumba. Pafunika makaniko, ndipo akhale wobwera ndi wogula, wolipidwa tsiku lake ngakhale malonda alephereke. Makaniko amene wakhala akuisunga galimotoyo pa galaja yake ali ndi zake zofuna. Mwina mwiniwake ali naye ngongole, mwinanso masipeya ena anachoka kalekale kukadzutsa galimoto za anthu ena.

Ambiri amathamangira kutsegula boneti. Makaniko wodziwa ntchito amayamba wagona chagada pansi pa galimoto, hamala ili m'manja. Pikapu imene yagwira ntchito m'minda ya mpunga imasunga matope m'kati mwa chassis, ndipo matope onyowawo amadya chitsulo kuchokera m'kati. Kunja kumaoneka bwino, makamaka ngati wina anapakapo utoto wakuda. Iye amagogoda pang'onopang'ono kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamene masipuling'i amagwira ndi pamwamba pa matayala a kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira momveka bwino. Chodyeka chimalira mogonthera, ndipo dzimbiri limayoyoka ngati makungwa ouma n'kumugwera kumaso. Hamala ikaboola, kapena akapeza pamene chassis inathyoka n'kulumikizidwa ndi chigamba, nkhani ya kudzutsa galimotoyo ithere pomwepo. Injini imasinthidwa, giyabokosi imasinthidwa, koma msana wothyoka sunyamula matumba 20 pa zitunda za ku Chiweta. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa galimoto nyererezo zimakhala pansi.

Akatuluka pansipo m'pamene amafika pa injini. Asanaganize zoilizitsa, amaika sipanala yaikulu pa bawuti ya pule ya kutsogolo n'kuyesa kuzunguza. Ikazungulira, pali chiyembekezo. Ikakana, mapisitoni agwirana ndi dzimbiri kapena injiniyo inafa itauma oyilo. Amasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo wakuda si vuto. Woyererako ngati tiyi wamkaka akusonyeza kuti madzi analowa, mwina gasiketi inapsa kapena mutu wa injini unang'aluka chifukwa cha kutentha, zimene sizachilendo m'dera lotentha ngati lino pamene ladiyeta imathiridwa madzi a mumtsinje. Amayang'ana ngati manozo ndi mapulagi ali m'malo mwake, chifukwa bowo losiyidwa poyera limalowetsa mvula ndi mavu omanga zisa zadothi. Pa injini ya dizilo amaonetsetsa pampu, imene ndi imodzi mwa zinthu zodula kwambiri kukonza ndipo amisiri ake sapezeka pa msika uliwonse. Kenako amawerenga zosowa chimodzichimodzi: sitata, alternator, jeke, tayala la sipeya, magalasi a nyali. Makoswe amakhala atadya mawaya kuseri kwa dashibodi. Matayala angaoneke ndi mano ake onse, koma m'mbali mwake muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene anapangidwa. 2314 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2014. Tayala lotere laphikidwa ndi dzuwa mokwanira, ndipo lidzaphulika pa tara wotentha litasenza katundu.

Ngati mwiniwake akukana kuti makaniko aikepo batire lobwereka, athire mafuta atsopano m'kachigubu n'kuyesa kuilizitsa, kukanako kukhale mbali ya mtengo. Injini imene sinamveke kulira iwerengedwe ngati yakufa.

Mtundu wa galimoto nawonso umasintha zonse, ndipo apa kutali kwa Wovwe kumalowa m'masamu. Hilux zakale za injini ya 2L, 3L kapena 5L zilibe kompyuta yovuta m'mitundu yake yambiri, amakaniko a pansi pa mtengo anakulira pa izo, ndipo masipeya ake, atsopano ndi akale omwe, amapezeka ku Mzuzu ndi kutsidya kwa Songwe. Nissan 1400, kapikapu kamene kanapangidwa ku South Africa mpaka 2008, n'kosavuta kukonza, ngakhale kuti sikasenza zambiri. Peugeot 504, imene inalamulira misewu ya fumbi ya mu Africa ndipo inkamangidwabe ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka zaka zoyambirira za m'ma 2000, inali yolimba zedi, koma lero sipeya yake ndi yochita kufunsira kwa okalamba. Zoopsa kwambiri ndi zimene zimaoneka zatsopano: Sienta kapena kagalimoto kena ka ku Japan kamene kanafa giyabokosi ya otomatiki kapena kanamizidwa m'madzi osefukira. Mipando yake ndi yokongola, utoto ukuwala, koma vuto lake lifunika makina olumikiza ku kompyuta, ndipo mankhwala ake kawirikawiri ndi kugula giyabokosi yonse. Chiphapha cha 1992 chingathe kukhala chogulika kuposa galimoto ya 2010 yoima pambali pake.

Tsopano mapepala, amene ambiri amawasiyira kumapeto pamene anayenera kukhala oyamba. Bulu buku ioneke ndi maso, ndipo nambala ya chassis yolembedwamo ifanane ndi yodindidwa pa chitsulo, chilembo ndi chilembo. Pamene padindidwa nambalapo pakaoneka popalidwa kapena powotcherera, wogula atembenuke. Ngati injini inasinthidwapo, nazonso zidziwike. Kusintha umwini kumachitika ku ofesi za Road Traffic kudzera mu MalTIS, ndipo mwini wolembedwa m'kaundula amayenera kutengapo mbali. Galimoto imene yadutsa m'manja anayi pongolemberana pa pepala la m'kope, mwini woyamba ali ku Johannesburg kapena sadziwika kumene ali, idzavuta kulowa m'dzina la wogula ngakhale italira bwino chotani. Madobadoba amalonjeza kuti zonse zitheka, koma amene adzaimitsidwe pa rodibuloko si iwo.

Dera la kumalire lili ndi misampha yakeyake. Pali galimoto za nambala ya ku Tanzania zimene zinalowa ndi chilolezo cha masiku ochepa, n'kufera kuno, osabwereranso. Pali zimene zinalowa osalipira msonkho chifukwa zinali za bungwe kapena pulojekiti, ndipo pogulitsidwa zinayenera kudutsa kaye ku MRA. Msonkho wosalipidwa suola pamodzi ndi matayala. Umadikira amene adzafune kuilembetsa, ndipo ungathe kuposa mtengo wa galimoto yeniyeniyo. Palinso zimene bulu buku yake ili kwa wakatapila ngati chikole. Galimoto ya mavuto otere mtengo wake ndi wa masipeya basi.

Mpaka pano ndakhala ngati ndikuteteza wogula yekha, koma chilungamo chili ndi mbali ina imene imandikhudza kwambiri. Galimoto zambiri zogona m'midzi ndi za anthu amene anatisiya. Bambo anamwalira, mayi sadziwa kuyendetsa, ana ali kusukulu. Ndiye kumabwera munthu wa m'tauni mwezi wa January, nkhokwe zitapepuka, n'kuzungulira galimotoyo akupukusa mutu: "Amama, ichi n'chitsulo chabe, ndingokuthandizani kuchichotsa pakhomo." Amapereka ndalama yosakwana ngakhale giyabokosi yokha, pofika madzulo galimoto yakwera lole. Kumeneko si kuchenjera pa malonda, ndi kudyera masuku pamutu mayi wamasiye.

Monga wogula ali ndi denga limene sayenera kupyola, wogulitsa naye ali ndi pansi pamene sayenera kutsikira. Galimoto yakufa ili ndi mitengo iwiri yosachita kukambirana. Wotsikitsitsa ndi wa ogula zitsulo zakutha, amene amayeza pa sikelo. Wokwererapo ndi wa masipeya ogulitsidwa chimodzichimodzi: giyabokosi, difu, zitseko, galasi la kutsogolo, malimu, bodi ya kumbuyo imene amisiri amasandutsa ngolo ya ng'ombe. Pa Hilux kapena Land Cruiser yakale, zimenezi zikaphatikizidwa zimafika patali ndithu. Mayi uja atapempha makaniko wodalirika kuti amuwerengere zimenezi asanakumane ndi wogula aliyense, sangapusitsidwe. Kugulitsa chimodzichimodzi kumatenga nthawi ndipo kumasiya chigoba pakhomo, choncho wogula yonse pakamodzi ayenera kuchotseredwako. Koma kuchotserako kukhale kwa nzeru, osati kulanda.

Mtengo wachilungamo uli pakati pa malire awiriwa: pamwamba pa zimene masipeya angabweretse, pansi pa zimene zatsala ukachotsa zokonzera. Nthawi zina malirewa amapingasana, masipeya n'kukhala a mtengo woposa umene woidzutsa angapereke. Zikatero masamu akunena poyera kuti galimotoyo siyodzutsa. Ipite kwa amene ali kale ndi inzake yoyenda ndipo akufuna pochotsa zipangizo.

Pa galimoto ya malemu palinso lamulo. Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act ya 2011 imateteza mkazi ndi ana a womwalira, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Mchimwene wa malemu amene wangotenga makiyi alibe mphamvu yogulitsa. Wogula afunse amene anapatsidwa mphamvu yoyang'anira chumacho mwalamulo, aone kalata zake, ndipo mayi wa pakhomopo akhalepo pokambirana. Kupanda kutero, tsiku limene galimotoyo idzalire ndi kuyamba kupanga ndalama ndi tsiku lomwe achibale ena adzatulukire, ndipo adzakhala ndi mfundo.

Nyengo nayonso imasuntha mitengo. Mpunga ukangokololedwa, ndalama zili m'manja mwa anthu ambiri, ogulitsa amaumitsa khosi ndipo ogula amapupuluma. Wogula wanzeru amaiona galimoto nthawi imeneyo, n'kupita kwawo kukagona, n'kupita ku Karonga kukafunsa mitengo ya masipeya ndi pepala m'manja asanatchule nambala iliyonse. Galimoto imene yakhala pa miyala zaka zinayi sithawa sabata imodzi, ngakhale mwiniwake anene kuti wina wochokera ku Mzuzu akubwera ndi ndalama mawa.

Akagwirizana, zilembedwe: nambala ya chassis, nambala ya injini, zimene zilipo ndi zimene zikusowa, mtengo, ndi mawu oti galimotoyo ikugulitsidwa yosayenda. Mboni zikhale za mbali zonse ziwiri, ndipo kumudzi ndi bwino a nyakwawa adziwe. Ndalama isaperekedwe yonse tsiku limodzi. Gawo lina lidikire mpaka dzina litasintha m'kaundula, ndipo ulendo wa ku Road Traffic agwirizaniretu amene alipire thiransipoti. Kufikira tsiku limenelo wogula asagule ngakhale bawuti imodzi, chifukwa chilichonse chimene angamange pa galimotoyo chidzakhala pa katundu wa munthu wina.